Madzi a m'dzenje aja anamunamiza bwanji mwana wanga?

NaBanda_waku_Santhe:
Abale, ndithandizeni nzeru, mutu wanga sukugwira. Kuseri kwa mudzi wathu kuli dzenje limene anasiya anthu okonza msewu atakumba dothi. Mvula ya chaka chino yalidzaza mpaka m'milomo, ndipo poti yakata, matope adikha, madzi ali mbee, pansi pakuoneka bwinobwino. Lachiwiri mwana wanga wazaka 9 ankasewera kumeneko, mnzake n'kumuponyera patapata m'madzimo. Mwana anaiona ili pansi, yabuluu. Akuti, "Amayi, inali pompo, ndimati madzi andilekeza m'mawondo." Analowa. Phazi lachitatu anangoti chubwi, mutu osaonekanso. Akanapanda mnyamata wina woweta ng'ombe kumutambasulira ndodo, bwenzi lero tikunena zina.

Dzulo ndinapitako ndekha. Ndinaima m'mbali, patapata ija ndikuiona ndithu, ndipo ine ndi maso angawa ndinati apa madzi alekeza m'ntchafu. Bambo ake, poti amatha kusambira, analowa ndi nsungwi n'kuyeza: mita imodzi ndi masentimita 80. Kupitirira msinkhu wanga. Apongozi akuti m'dzenjemo muli chinthu chimene chimakweza pansi kuti chikope ana. Ine ndine munthu wopemphera, koma zimene ndaonazi zandizunguza. Alipo angandifotokozere?

MayiWaMapasa:
Iii pepani amayi. Mwanayo ali bwanji pano? Ndipo wa ng'ombe uja mumugwire m'manja ndi kenakake.

Mbuya_Chamama:
Apongozi anuwo musawayese openga. Kwathu kuno kuli dziwe limene tonse tinakula tikuletsedwa kuliyandikira. Limaoneka losaya, koma latenga anthu amene ine ndinkawadziwa. Si zonse zinalembedwa m'mabuku.

Kabaza_KU:
Chinthucho chinabwera pa thirakitala ya okonza msewu? Dzenje la chaka chatha chomwechi lapeza kale mzimu wake?

Mbuya_Chamama:
Iwe mwana, uzilankhula bwino.

MwanaWaFolomu4:
Imeneyo ndi apparent depth, tinaphunzira teremu yatha. Mumatenga kuya kwenikweni n'kugawa ndi refractive index. Ya madzi ndi 1.33. Ndiye 1.8 kugawa ndi 1.33 ikutipatsa 1.35. Yankho lake ndi limenelo basi.

MlimiWaSoya:
Mwanawe, mayi wafunsa za mwana wake, iwe ukuyankha ngati uli pa mayeso a MANEB. Enafe tinalekera Sitandade 8. Tamasulira.

Ticha_Fizikisi:
A NaBanda, pepani ndi zimene zinachitika. Ndiyese kufotokoza pang'onopang'ono.

Kuti munthu aone chinthu, kuwala kumayenera kuchoka pa chinthucho n'kudzalowa m'diso. Diso silitumiza kanthu, limangolandira. Tsono kuwala kochoka pa patapata ija kunayenda ulendo wa mbali ziwiri: m'madzi, kenako mumpweya. Mumpweya kumathamanga pafupifupi makilomita 300,000 pa sekondi. M'madzi liwiro limatsika kufika pa makilomita 225,000. Nambala ya 1.33 imene watchula mwana wasukuluyo ndi imeneyo: 300,000 kugawa ndi 225,000.

Inu a MlimiWaSoya ngolo mumaidziwa. Ikamatuluka mumchenga kulowa pouma, ikatuluka molunjika, mateyala onse awiri amagwira pouma nthawi imodzi ndipo imangopitirira. Koma ikatuluka mwam'mbali, teyala limene layamba kugwira pouma limathamanga linzake likadalimbana ndi mchenga, ngolo n'kukhota yokha popanda wokwapula ng'ombe. Kuwala nakonso kukamatuluka m'madzi mwam'mbali kumakhota pamwamba pa madzi penipenipo, n'kugonera cha kumadzi komweko.

Vuto ndi ubongo wathu. Sudziwa kuti kuwala kwakhota panjira. Umatenga mzere womaliza umene walowa m'diso n'kuulondola chobwerera ngati kuti ndi wowongoka, ndiye umaika patapata pamwamba kuposa pamene ili. Osati patapata yokha: miyala, matope, pansi ponse pamakwera limodzi. Apongozi anu anaona zoona kuti pansi pamakwera. Pamene tikusiyana nawo ndi pa chimene chimakweza.

Yesani izi kunyumba. Ikani ndalama yachitsulo m'kapu yapulasitiki yosaonekera mkati. Bwererani m'mbuyo mpaka mlomo wa kapu ubise ndalamayo. Muime pomwepo osasuntha mutu, wina azithira madzi pang'onopang'ono. Ndalama itulukira yokha.

Kabaza_KU:
Aphunzitsi, ndalama yachitsulo masiku ano tiipeza kuti? K10 yachitsulo ndinaiona komaliza mwana wanga asanayambe kuyenda.

Ticha_Fizikisi:
Kiyi wa loko, kamwala, chilichonse chimene chimamira.

NaBanda_waku_Santhe:
Zikomo aphunzitsi, za ngolozo ndamva. Koma masamu a mwana uja sakugwirizana ndi zimene ndinaona. Mita imodzi ndi masentimita 35 kwa ine ndi m'chifuwa, mwinanso kupitirira. Ine ndinaona madzi a m'ntchafu. Mwana anaona a m'mawondo. Akanaona a m'chifuwa sakanalowa, ndi mwana wamantha.

Mbuya_Chamama:
Mwamva? Masamu athera panjira.

Ticha_Fizikisi:
Mayi, mwagwira pamene ana anga ambiri sagwira, ndipo kulakwa n'kwathu aphunzitsi chifukwa timaphunzitsa theka la nkhani. Masamu a 1.33 aja amagwira ntchito pokhapokha mukuyang'ana molunjika pansi, monga mmene mumasuzumira m'chitsime. Pamenepo madzi a mamita 4 amaoneka ngati a mamita 3. Koma amene waima kumtunda sayang'ana molunjika. Amayang'ana mopendekera, ndipo kupendekera kukamakula, kukhota kwa kuwala kumakulanso.

Ndakhala pansi ndi pensulo. Tinene kuti maso anu ali mita imodzi ndi theka pamwamba pa madzi, ndipo mukuyang'ana pamadzi mamita 3 kutsogolo kwanu. Mudzaona kuya kosafika theka la kuya kwenikweni: madzi a 1.8 adzaoneka ngati a masentimita 80. Si m'ntchafu mmenemo? Tsono mwana ndi wamfupi. Maso ake ali ngati mita imodzi pamwamba pa madzi, ndiye iye akuyang'ana mopendekera kuposa inu. Malo omwewo kwa iye aoneka ngati masentimita 60. Akaponya maso patsogolo, mamita 5, aona ngati masentimita 40 okha.

Chimene chimandiopsa ine n'chakuti dzenje la pansi pofanana limaoneka lakuya pafupi ndi mapazi ako, kutsogolo n'kumaoneka ngati likunka likwera. Mwana amaganiza kuti akangodutsa apa, uko kuli bwino. Ndipo mwana akakhala wamfupi kwambiri, bodzalo limakulanso.

MayiWaMapasa:
Zandilowa m'mafupa izi. Anga ali ndi zaka 6.

Wokayika_265:
Aphunzitsi, mwadzitsutsa nokha. Mwati ngolo ikatuluka molunjika sikhota. Ndiye ndikasuzumira molunjika m'mgolo wa madzi, kuwala sikukhota. Nanga pansi pa mgolo pakwereranji?

Ticha_Fizikisi:
Funso labwino, achimwene. Muli ndi maso awiri ndipo ali motalikirana masentimita 6 kapena 7. Sangakhale onse awiri pamwamba penipeni pa kamwala kamodzi. Lililonse likuyang'ana mopendekera pang'ono, lina kuchokera uku, lina uku. Mizere iwiriyo ikakhota pamwamba pa madzi, ubongo ukailondola chobwerera imakumana isanafike pa kamwala. Pamene yakumanapo ndi pamene mumakaona.

Wokayika_265:
Chabwino. Ndavomera theka.

MsodziWaBua:
Ine sukulu sindinapite nayo patali koma izi bambo anga anandiphunzitsa ndili kamnyamata, m'madambo a Bua madzi akayamba kuphwa. Mlamba ukauona uli phee m'madzi oyera, ukalunjikitsa mkondo pomwe ukuuonapo, mkondo umadutsa pamwamba pa msana, nsomba n'kuthawa. Ankati baya m'munsi mwake, cha kwa iwe. Ikakhala patali, tsitsa kwambiri. Koma nzeru yeniyeni ndi kuinyang'amira mpaka uime pamwamba pake n'kubaya choimika, kapena kuviika kaye nsonga ya mkondo m'madzi kuti uziona nsonga ndi nsomba pamodzi. Zonse zikakhala m'madzi zimanamizidwa mofanana. Ndinaphonya milamba yambiri ndisanamvetse, bambo akungondiseka.

Kabaza_KU:
Ayi madala, ine ndinamva kuti umabaya kutsogolo kwake.

MsodziWaBua:
Umeneyo ndi wa nsomba yoyenda, aise. Ine ndikunena yogona. Iwe unabayapo chiyani kupatula matayala a njinga?

Ticha_Fizikisi:
A MsodziWaBua akunena zoona, ndipo zoviika nsonga ya mkondozo ndizitenga ndikaphunzitsire. Koma taonani ichi: mukapita usiku ndi tochi, musatsitse. Walitsani pomwe mukuiona nsombayo. Kuwala kwa tochi kukhota pamalo omwewo n'kutsata njira yomwe kuwala kwa nsomba kunadzera. Mkondo ndiwo sudziwa kukhota.

MsodziWaBua:
Ndiye mundiyankhenso ichi. Ndikaimirira m'mbali mwa madzi nsomba zimabalalika, koma ndikanyonyomala zimangosewera. Zimationa bwanji?

Ticha_Fizikisi:
Nsomba ikayang'ana kumwamba, dziko lonse lakunja imaliona pa bwalo limodzi lozungulira pamwamba pa mutu wake, ngati windo. Thambo, mitengo, inuyo, zonse zimapanikizana m'bwalo limenelo. Malire ake ali pa madigiri 49 kuchoka pa mzere woimirira. Kupitirira pamenepo kuwala kwa m'madzi sikutulukanso, kumabwerera pansi, ndiye kunja kwa bwalolo nsomba imaona pamwamba pa madzi ngati kalilole woonetsa pansi pa mtsinje. Munthu woimirira amatulukira bwino m'windomo, amaonekanso wamtali kuposa mmene alili. Wonyonyomala amafinyikira m'mphepete mwa bwalo mmene zinthu zimaoneka mwachizimezime. Kubwerera kwa kuwala kumeneku n'komwe kumagwira ntchito m'mawaya a fibre a intaneti: kuwala kumalowa mu ulusi wagalasi n'kumangogunda m'mbali kubwerera mkati, osatuluka, mpaka kukafika kumene kukupita.

Dalaivala_M1:
Poti mwayamba za madzi onama, nanga madzi amene timawaona pa tala? Mu Okutobala masana, ukamachoka pa Boma la Kasungu kulowera ku Chinkhoma, kutsogolo kumaoneka chithaphwi chonyezimira, mpaka galimoto yobwera imaoneka chithunzi chake m'madzimo. Ukafika, pouma gwa. Kondakitala wanga woyamba ankati ndi ziwanda za pamsewu.

KaleKuDwangwa:
Ameneyo ndi mchimwene wake wa nkhani yomweyi. Tala ikatentha imatenthetsa mpweya wogundana nayo. Mpweya wotentha ndi wopepuka, kuwala kumayendamo mofulumirapo pang'ono kuposa mumpweya wozizirirapo wa pamwamba pake. Ndiye kuwala kochokera kuthambo kukamatsika mopendekera kwambiri kumapindika pang'onopang'ono mpaka kukwereranso m'maso mwanu. Chimene mukuona pa tala ndi thambo. Ubongo ukaona thambo pansi umati ndi madzi, chifukwa kwina konse kumene unaonako thambo pansi kunali pa madzi.

Ine ndinagwirapo ntchito ya nzimbe. Tinali ndi kachipangizo kotchedwa refractometer. Umadonthezapo madzi a nzimbe, n'kusuzumira, n'kuwerenga kuchuluka kwa shuga. Madzi akachuluka shuga amakhotetsa kuwala kwambiri, kachipangizoko kamangoyeza kukhotako. Ogula uchi enanso amakagwiritsa ntchito poona ngati uchi uli ndi madzi ambiri.

Dalaivala_M1:
Ndiye dzenje la a NaBanda ndi madzi obisa kuya, tala yanga ndi kuya kopanda madzi. Dziko ili!

MwanaWaFolomu4:
Ife zonsezi timangoloweza. Pasukulu pathu galasi la makona anayi loyesera ndi mapini lija lilipo limodzi, lobenthuka, kalasi ya ana 80. Ine sindinaligwirepo. Pa mayeso akadzatipatsa ndidzangoliyang'ana.

MlimiWaSoya:
Ndiye ndalama za chitukuko zimene timapereka teremu iliyonse zimapita kuti?

MayiWaMapasa:
Musayambe a MlimiWaSoya. Kumisonkhano ya makolo simubwera, mumangodandaulira pafoni.

MlimiWaSoya:
Ndimabwera! Chaka chatha ndinaumba nawo njerwa za chimbudzi cha atsikana, inu munali kuti?

Ticha_Fizikisi:
Zipangizo n'zochepa, sindikana. Koma mwanawe, phunziro ili silidikira labu. Tenga ndowa, uike kiyi pansi, uthire madzi a masentimita 24 poyeza ndi rula. Suzumira molunjika, ndipo kunja kwa ndowa uzikweza chala mpaka chifanane ndi pamene kiyi akuoneka. Yeza kuchoka pamwamba pa madzi kufika pa chalacho. Upeza pafupifupi 18. Gawa 24 ndi 18, wapeza 1.33 ndi manja ako. Ubwereze katatu chifukwa koyamba chala chimanama.

Adimini_KU:
Za njerwa ndi misonkhano ya makolo mutsegulire nkhani yake. Pano tili pa dzenje.

Wamagalasi_Boma:
Ine ndimadula magalasi a mawindo ndi a matebulo, ndipo nkhaniyi yandikumbutsa mkangano wina. Bambo wina anaitanitsa galasi la mamilimita 6 la patebulo. Nditaliika, anawerama n'kuyang'ana pamwamba, akuti mwandibera, ili ndi la 4. Ndinachita kulinyamula n'kumuonetsa m'mbali ndi tepi. Iye sananame, poyang'ana pamwamba limaonekadi la 4, chifukwa nambala ya galasi ndi 1.5, kuposa ya madzi. Kuyambira tsiku limenelo kasitomala ndimamuyezera m'mbali ndisanaike.

Chimene ndinkadabwa kale n'chakuti windo silikhotetsa zinthu ngati madzi. Ndinadzazindikira kuti limakhotetsa ndithu, koma kawiri: polowa kuwala kumakhotera uku, potuluka kumabwerera mmene kunalili, poti mbali ziwiri za galasi n'zolingana. Galasi lotchipa limene mbali zake sizinasalale bwino ndi lija mukayang'aniramo mtengo umaoneka ngati ukuvina.

Kabaza_KU:
Ndiye mafuta ophikira oyeza aja amaoneka ambiri m'botolo chifukwa cha zomwezi?

KaleKuDwangwa:
Botolo lozungulira limakuza zimene zili mkati mukaliyang'ana m'mbali, lowetsani chala m'tambula ya madzi muone mmene chinenepere. Koma mukasuzumira pamwamba m'chigubu, mafuta amaoneka ochepa kuposa mmene alili. Nambala yawo ndi pafupifupi 1.47, ya parafini 1.44, ndiye amakweza pansi kuposa madzi. Dayamondi ndiye mfumu, 2.42.

MlimiWaSoya:
Tibwerere kwa ine wa kudimba. Chitsime changa ndikasuzumira molunjika, madzi amadya kotala ya kuya. Ndiye ndikaona mamita 3 ndiwonjezere kotala, eti?

MwanaWaFolomu4:
Eya, kotala.

KaleKuDwangwa:
Ayi mwanawe, apa ndi pamene mumatayira malikisi. Madzi a mamita 4 akuoneka 3. Atayadi kotala ya 4. Koma inu muli ndi 3 m'maso, ndipo kuti mubwerere pa 4 mukuwonjezera 1. Imeneyo ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a zimene mukuona. Mukawonjezera kotala ya 3 mupeza 3.75, mwaperewera masentimita 25. Kwa munthu wosatha kusambira masentimita 25 ndi kuchoka pachibwano kufika pamwamba pa mutu.

MlimiWaSoya:
Masamu a mavenda enieni. Pogula soya amachotsa, pogulitsa amawonjezera, ndipo sizibwererana.

MwanaWaFolomu4:
Ndalakwa, zikomo akulu. Ndalemba m'kope.

Wokayika_265:
Anayamba kuzitulukira ndani zimenezi? Ndikudziwa munena mzungu.

Ticha_Fizikisi:
M'mabuku athu lamulo la kukhota kwa kuwala limatchedwa ndi dzina la Snell, wa ku Leiden ku Netherlands, amene analipeza mu 1621. Koma Ibn Sahl wa ku Baghdad anali atalilemba kale cha m'ma 984, pofufuza za magalasi otentha zinthu ndi dzuwa. Ndipo zaka zoposa 1,800 zapitazo Ptolemy, ku Alexandria m'dziko la Egypt, anayeza mmene kuwala kumakhotera polowa m'madzi ndi m'galasi n'kulemba manambala ake, ngakhale lamulo lenileni sanalipeze.

MsodziWaBua:
Agogo anga analipeza ndi mkondo, kungoti analibe kope.

Wokayika_265:
Kudziwa pobaya n'kwina, kudziwa chifukwa chake n'kwina, madala. Kakowa nayenso amadziwa pojompha koma sangakuuzeni 1.33.

MsodziWaBua:
Koma kakowa amagona wokhuta. Iwe 1.33 unadyerapo nsima?

Mbuya_Chamama:
Ndawerenga zonse. Za maso ndamva, ndipo kapu ija ndayesa ndi mdzukulu wanga, kiyi watulukadi. Koma simunandiyankhe chimodzi. Amene anapulumuka pa dziwe la kwathu amanena kuti ankamva chinthu chikuwakoka miyendo. Kuwala kumakoka miyendo?

NamwinoUsiku:
Agogo, kuwala sikukoka, koma pali zokoka zambiri. Maenje okumba ndi makina ndi a njerwa makoma ake amakhala oimirira ndi oterera, phazi likaponda limatsetsereka kulowera pakati. Pansi pali matope omata, ukaponda phazi limalowa, ukamalizula linzake likulowa. Madzi apansi amazizira kuposa apamwamba ndipo miyendo imatha kuchita dzanzi n'kuuma. Onjezanipo zovala zonyowa ndi mantha. Munthu ameneyo akati chinandikoka sakunama, ndi mmene thupi linamvera.

A NaBanda, funso la a MayiWaMapasa simunayankhe: mwana ali bwanji? Mwana amene wamira n'kupulumuka, akamatsokomola kosalekeza, kupuma mobanika, kutentha thupi kapena kungofooka n'kumagona, mupite naye kuchipatala osadikira mawa. Ndipo kwa nonse: munthu akavuulidwa, zomuzondotsa kapena kumuponda pamimba kuti madzi atuluke zisiyeni, zimangotaya nthawi ndipo akhoza kutsamwa ndi masanzi. Ngati sakupuma, muuzireni mpweya pakamwa ndi kumudinikiza pachifuwa, wina akuthamangira thandizo. Mnyamata wa ng'ombe uja anachita bwino kutambasula ndodo osadumphiramo. Ambiri amene timawalandira awiriawiri, wachiwiriyo amakhala wopulumutsa.

China, madzi odikha ngati amenewo amasunga nkhono za likodzo. Pakapita masabata mukaona magazi mumkodzo, musadabwe, bwerani naye.

NaBanda_waku_Santhe:
Pepani ndinali kumunda. Mwana ali bwino, tinapita naye kuchipatala tsiku lomwelo, anamupima m'chifuwa n'kutiuza kuti tibwerere akayamba kubanika. Sanabanike. Akudya ngati dzombe. Za likodzo sindinaziganize, zikomo anamwino.

Kabaza_KU:
Koma anthu okumba maenjewa bwanji sawakwirira akamaliza? Amangonyamula makina awo n'kumapita.

MlimiWaSoya:
Ena mwa maenjewo ndife tomwe timapempha kuti awasiye, ng'ombe zizimwa m'chilimwe. Tisanamizane. Ndipo a njerwa amakumba ndani? Si ife?

MayiWaMapasa:
Ndiye atchingidwe ndi minga, kusiya mbali imodzi yotsetsereka bwino ya ng'ombe. A NaBanda, pitani kwa amfumu, nkhaniyi ikafike ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi. Musadikire maliro.

Dalaivala_M1:
Aphunzitsi, limodzi lomaliza. Dzuwa likamalowa cha ku nkhalango ya Kasungu uko limaoneka lophwatalala ngati chitumbuwa. N'zomwezi?

Ticha_Fizikisi:
N'zomwezi. Mpweya wozungulira dziko umakhotetsa kuwala kwa dzuwa likakhala m'munsi, n'kulikweza ndi pafupifupi theka la digiri, ndipo dzuwalo kukula kwake m'maso mwathu ndi theka la digiri lomwelo. Ndiye pamalo a chidikha, mukaliona likugunda pansi, lenilenilo lalowa kale. Mbali ya m'munsi imakwezedwa kwambiri kuposa ya pamwamba, n'chifukwa chake limaphwatalala.

Adimini_KU:
Dzenje, abale. Dzenje.

NaBanda_waku_Santhe:
Ndabwera ndi lipoti. Madzulo ndinaitana apongozi, ndinaika kiyi m'kapu, mwana yemwe uja ndiye ankathira madzi. Kiyi atatulukira anaseka mpaka kugwira pakamwa, n'kunena kuti tibwereze. Tinabwereza kanayi. Kenako anati, "Ndiye mwaona, ngakhale madzi a pamjigo ali nacho chinthucho." Ndinangowasiya.

Kwa amfumu tinapita ndi bambo ake. Loweruka anyamata adula minga, ndipo amfumu alengeza pa maliro a m'mudzi woyandikana nawo kuti mwana wopezeka kudzenjeko kholo lake lilipira nkhuku. Bambo ake azika nsungwi ija pakati pa dzenje, anamangirira kansalu kofiira polekeza madzi kuti madzi akadzaphwa tidzawaonetse ana kutalika kwake. Ndinatenganso ana a mchemwali wanga, ndinawaimika kumtunda, aliyense n'kunena pamene akuganiza kuti madzi angamulekeze. Wamng'ono kwambiri ndi amene anatchula pansi kwambiri, monga munanenera aphunzitsi.

Patapata ikadali pomwepo, bambo ake anaiwala kuivuula ndipo ndawaletsa kubwereramo. M'mawa uno apongozi anapita kukaona nsungwi ija, abwera akufunsa kuti waithyola ndani, chifukwa polowa m'madzi yapindika.